Ndinalowa digiri ya sayansi ndisanagwirepo burette

MSCE ndinalemba koyamba mu 2015 pa CDSS ina ya kumpoto kwa boma la Kasungu. Labotale panalibe. Zipangizo zonse za sayansi zinkakwana m'kabati imodzi mu ofesi ya a hedi, ndipo kabatiyo inkatsegulidwa mayeso a pulakitiko akayandikira. Burette, chubu chachitali chagalasi chokhala ndi manambala ndi kampopi choyezera madzi a mankhwala, tinkaidziwa pa chithunzi chimene aphunzitsi ankajambula pa bolodi. Lero ndimaphunzitsa Chemistry ndi Biology kusekondale, koma digiri imene pa pepala ndi ya zaka zinayi inanditengera zaka zisanu ndi zinayi, kuwerengera kuchokera pa mayeso oyambawo kufika tsiku limene ndinalandira malipiro oyamba a boma. Zina mwa zakazo zinapita chifukwa cha zinthu zimene palibe akanaziletsa. Zambiri ndinataya ndekha posadziwa.

Chaka choyamba chinatayikira pa masamu. Ndinapeza mapointi 24: English 5, Chichewa 3, Agriculture 3, Biology 4, Geography 4, Physical Science 5. Kunyumba kunali chimwemwe, mayi anapha nkhuku. Masamu ndinapeza 7, ndipo poti sanalowe m'maphunziro asanu ndi limodzi owerengera mapointi, ndinkaona ngati alibe ntchito. Ndinadzaza fomu ya NCHE, bungwe loyendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma, n'kudikira, dzina osatuluka. Mapointi amangokulowetsani pa mzere wa opikisana. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna kirediti, ndipo kirediti imathera pa 6. Uphunzitsi wa sayansi umayang'ana English, masamu ndi maphunziro a sayansi, ndiye munthu wa mapointi 26 wokhala ndi 5 ya masamu ali pabwino kuposa mmene ndinalili ine ndi 24 zangazo. Nthawi yathu Physical Science inali phunziro limodzi. Pano anaigawa, pali Physics payokha ndi Chemistry payokha, choncho amene muli Fomu 2 kapena Fomu 3 musasiye limodzi mwa awiriwa pongotsatira anzanu.

Ndinabwereza mu 2016 ngati wophunzira wa open, wolowa m'kalasi masana a m'mawa akaweruka. Kubwerera pa desiki anzako atapita patsogolo kumachititsa manyazi, sindinama. Ndinaika mtima pa masamu ndi mapepala a mayeso a m'mbuyo, ndipo ndinatuluka ndi mapointi 17, masamu 4.

Podzaza fomu kachiwiri ndinali nditachenjera. Mumasankha mapulogalamu angapo motsatana, ndipo ambirife timaika pamwamba za udokotala ndi uinjiniya, uphunzitsi n'kuuponya kumapeto ngati chotsekera mpata. Ngati mukufunadi uphunzitsi wa sayansi, uikeni poyamba. Bachelor of Education ya sayansi ili ku University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchulabe Chanco, komanso ku Mzuzu University (Mzuni). Musaiwale Domasi College of Education ku Zomba ndi Nalikule College of Education ku Lilongwe, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kusula aphunzitsi a sekondale. Ine sindinafunsireko n'komwe chifukwa maso anali pa dzina loti yunivesite, chonsecho anzanga amene anadzera kumeneko anayamba ntchito ine ndikadali m'kalasi. Amene muli kale pa ntchito, monga aphunzitsi a pulayimale, pali njira ya mature entry, komanso Mzuni ili ndi maphunziro a ODeL oti mumaphunzira muli kwanu n'kumapita ku sukulu nthawi zoikika. Chilengezo cha chaka chimene mukufunsiracho muchiwerenge nokha mzere ndi mzere, musangomvera kwa mkulu wanu amene anafunsira kale, chifukwa zofunika zimasintha, ndipo MSCE yakale kwambiri sailandira pa njira ya ochokera kumene ku Fomu 4.

Dzina linatuluka mu 2017, maphunziro n'kuyamba mu 2018. Apa ndinapunthwa pa kanthu kakang'ono. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 ndinatchula dzina la agogo ngati dzina la makolo, poti ndi limene timadziwika nalo kumudzi, pamene pa setifiketi ya MANEB pali dzina la bambo. Ngongole ya ophunzira imaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo munthu wa mayina awiri kwa iwo ndi anthu awiri. Ndinayenera kukalumbira kukhoti kuti ndine yemweyo, n'kuyendanso maulendo atatu a kuboma kukonza chiphaso. Mmene ndinkamaliza, nthawi yofunsira inali itatha, ndipo chaka choyamba chonse anandilipirira bambo ndi amalume. Yalani pa tebulo chiphaso cha unzika, setifiketi, kalata yokuitanani ku sukulu ndi mapepala a akaunti ya kubanki, muone ngati chilembo chilichonse chikufanana. Chitani zimenezi zotsatira zisanatuluke. Ndipo kumbukirani kuti ndi ngongole, idzabwezedwa.

Ife a ku Kasungu tili ndi vuto lina limene a m'tauni salidziwa. Ndalama kwathu ili ndi nyengo. Fodya akayamba kulowa ku msika wa fodya wa Chinkhoma cha mu Epulo, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, m'nyumba mumakhala kenakake mpaka cha mu Ogasiti. Kufika Januwale, ndalama yonse ili m'munda, yapita ku feteleza ndi aganyu. Semesita siidziwa zimenezo. Yanga yachiwiri inafuna fizi pa nthawi imene bambo ankagula chimanga cha pa mbale. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti belo yoyamba ikangogulitsidwa, ndalama ya semesita zonse ziwiri izilowa ku akaunti ya sukulu nthawi yomweyo, isagone m'nyumba, chifukwa ndalama yogona m'nyumba maliro amaipeza. Malo ku hositelo sakwanira onse. Ine ndinkakhala kunja, chipinda cha K24,000 pamwezi tikugawana atatu, ndipo semesita iliyonse ndinkakwera basi pa M1 ndi thumba la ufa, ndowa ya nyemba ndi nsinjiro. Amene ankagula chakudya chophikaphika tsiku lililonse ankakhala atauma pofika sabata yachisanu ndi chimodzi.

Tsopano za chaka choyamba, poti ndi pamene digiriyi imagwetsa anthu. Simuyamba ndi kuphunzira kaphunzitsidwe ayi. Mumaphunzira masamu, Chemistry, Physics ndi Biology zofanana ndi za amene akuchita sayansi yokhayokha, kuwonjezapo luso la chilankhulo ndi maphunziro a maziko a uphunzitsi. Phunziro lililonse la sayansi lili ndi pulakitiko yake ya maola atatu pa sabata, ndipo lipoti la pulakitiko iliyonse limachongedwa n'kulowa m'malikisi a semesita.

Titration yanga yoyamba, pulakitiko yodonthezera asidi kuchokera mu burette kulowa mu base mpaka mtundu utasintha, ndimaikumbukira bwino. Anzanga ochokera ku sukulu zogonera komweko anangofika n'kuyamba kutsuka zipangizo ngati ali kukhitchini kwawo. Ine ndinaima n'kumaonera manja awo. Ndinapeza 21.3, kenako 24.8, kenako 23.1, pamene zotsatira ziwiri zimayenera kusiyana osaposa 0.10 cm³. Ndinatuluka ndikuganiza kuti mutu wanga si wa sayansi, koma vuto linali la manja, ndipo zolakwazo n'zowerengeka. Burette ukaitsuka ndi madzi uyenera kuitsukuluzanso ndi asidi yemwe ukuthiramoyo, apo ayi madzi otsalira amamusungunula. Pansi pa kampopi pamabisala kathovu ka mpweya, ndipo ukapanda kukatulutsa usanayambe, kamatuluka pakati pa ntchito n'kuwerengedwa ngati asidi. Fanulo uichotse ukamaliza kuthira chifukwa imadonthezabe. Powerenga, diso likhale pa mzere umodzi ndi pansi pa kupindika kwa madziwo, osati kuyang'ana uli chiimire kuchokera pamwamba. Phenolphthalein, indicator kapena kuti mankhwala osintha mtundu osonyeza asidi ndi base, ndi madontho awiri kapena atatu basi. Kadontho kotsalira kunsonga ya pipette, kachubu kotungira muyezo woikika wa madzi a mankhwala, sukauzira, anakawerengera kale popanga pipetteyo. Ndipo titration yoyamba ndi yongofufuzira pamene mtundu ukusinthira, zenizeni ndi zotsatirazo, pamene umatsitsa dontho limodzilimodzi ukayandikira.

Zonsezi anandionetsa ndi a technician a mu labotale, bambo achikulire, masana ena nditawapempha kuti ndiziwathandiza kutsuka magalasi. Malekichala amakupatsani chiphunzitso, koma kasungunulidwe ka mankhwala, kasungidwe kake ndi kakonzedwe ka kampopi kodontha zili m'manja mwa a technician, ndipo zimenezo ndi zimene mudzazifune kwambiri ku sukulu kumene mudzakhale mphunzitsi, technician ndi wotsuka mabotolo nthawi imodzi. Ngati mwasankhidwa ndipo mukudikira kutsegulira, pitani ku sekondale yapafupi imene ili ndi labotale, mukapemphe aphunzitsi a sayansi kuti muzikawathandiza pokonzekera pulakitiko ya Fomu 4. Sabata ziwiri zokha zikanandipulumutsa ku semesita yonse ya mantha.

Masamu anandigwetsanso. Ndinalemba sapu, mayeso obwereza aja amene amalembedwa anzako ali pa holide. Sapu imadya thiransipoti yopita ndi kubwera, lendi ndi chakudya cha sabata zowonjezera, ndipo ukailephera ukubwereza phunzirolo kapena chaka. Zikachuluka amakuwida, kubwerera kumudzi ndi thumba lako. Awiri mwa amene tinkakhala nawo mzere umodzi anapita choncho chaka choyamba chomwecho. Chimene chimagwetsa si calculus yeniyeniyo, koma maziko a ku sekondale amene tinangowaloweza: indices, logarithms, kusintha subject ya fomula, trigonometry ndi kujambula magirafu. Amene anachita Additional Mathematics amayamba ali patsogolo, koma ma CDSS ambiri saphunzitsa phunziroli. Miyezi ija yodikira kutsegulira, imene ine ndinaithera pa bawo ndi kusankha fodya, bwerekani buku la Additional Mathematics muziyesa mafunso khumi pa tsiku.

Kupita m'tsogolo mumasankha maphunziro awiri amene mudzaphunzitse. Ndinatenga Chemistry ndi Biology, ndipo chifukwa chenicheni chinali kuthawa masamu. Sindinawathawe: pH ndi logarithm, ma mole ndi ratio, physical chemistry yadzaza calculus. Komanso nditafika ku sukulu yanga yoyamba, a hedi anandipatsa Physics ya Fomu 1 ndi Fomu 2 poti panalibe wina, ndipo kwa iwo wa sayansi ndi wa sayansi basi. Maganizo anga ndi akuti amene masamu akukuyenderani ngakhale pang'ono, tengani Physics kapena masamu ngati limodzi mwa awiriwo. Aphunzitsi ake ndi osowa, ndipo ngakhale nthawi yodikira ntchito ya boma simukhala manja lende.

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Tinabwerera patapita miyezi yambiri, kalendala itasokonekera, ndipo digiri imene ndikanamaliza kumapeto kwa 2021 inafika mu 2023. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, lendi ndi ndiwo zinakwera, koma ndalama yochokera kumudzi inali yomwe ija. Powerengera mtengo wa digiri muziikapo semesita imodzi yapadera imene simukuiyembekezera.

Teaching practice, imene tonse timangoti TP, ndi teremu yathunthu uli pa sukulu yeniyeni. Ndinapempha CDSS ina ya kum'mawa kwa Kasungu kuti ndizikhala kwa azakhali, ndipo zinandipulumutsa pa lendi. Musanalowe m'kalasi mukhale ndi silabasi, sikimu ya teremu yonse, lesson plan ya phunziro lililonse ndi records of work. Oyendera amafika osanena, ndipo choyamba kupempha ndi fayilo. Tsiku lopanda lesson plan ndi tsiku limene amabwera.

Fomu 3 yanga inali ndi ana 96. Ulendo woyamba kundiyendera ndinali ndi mapiriyodi awiri olumikiza, mphindi 80, mutu wa ma asidi ndi ma base. Ndinalankhula mphindi 60, bolodi n'kudzaza kawiri, ndikudzimva kuti ndaonetsa digiri. Madamu amene anabwerawo anadikira ana atuluke n'kunena motsitsa mawu kuti, “Aphunzitsi, mwaphunzitsa bolodi. Nanga anawa muwaphunzitsa liti?” Zinandiwawa, makamaka pozindikira kuti ndachita ndendende zimene zinandichitikira ine, kujambula sayansi ndi choko.

Ku koleji amatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo, ndipo ambirife timangoiloweza kuti tikhoze mayeso. Sabata yotsatira ndinaiyesa. Tengani chidede chouma chodzaza dzanja, muviike m'kapu ya madzi otentha mphindi khumi, musefe ndi kansalu. Madzi ofiirawo ndi indicator. Mukathira mu madzi a mandimu kapena a bwemba amafiira mowala, mukathira mu chidulo, chomwe chija amayi amaphikira therere, amasanduka obiriwira. Chidulo cha phulusa la zitsononkho chimagwira bwino. Mabotolo a pulasitiki odula pakati ndiwo ma beaker, ndipo masirinji atsopano a 10 ml ogula ku famase, opanda singano, ndiwo oyezera. Ndinagawa ana m'magulu khumi ndi awiri a anthu asanu ndi atatu, gulu lililonse likuthira mandimu mu chidulo pang'onopang'ono n'kulemba mamililita amene mtundu wasinthira. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sanayankhepo funso teremu yonse, anafunsa ngati n'chifukwa chake therere la chidulo chambiri limawawa pakhosi. Madzi a chidedewo mupange dzulo lake kapena m'mawa womwewo, akagona masiku atatu amayamba kuwola ndipo mtundu susintha bwino.

Koma chidede sichilowa m'malo mwa zonse. Pa pulakitiko ya MSCE ana adzakumana ndi mankhwala enieni, ndiye muyenera kudziwa kuwakonza nokha. Sodium hydroxide wa 0.1 M ndi magalamu 4 mu lita imodzi. Muyeze mofulumira n'kutseka botolo, chifukwa amayamwa chinyezi cha mumpweya muli chiyezere, ndipo musamusunge m'botolo la chitsekero cha galasi, chimakanirira. Hydrochloric acid wa 0.1 M ndi pafupifupi 8.5 ml za asidi wamphamvu wosasungunula mu lita, ndipo nthawi zonse asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Mukatha, chitani titration nokha ana asanabwere. Mankhwala a m'makabati a sukulu zathu ena akhala zaka, mphamvu yolembedwa pa botolo si imene ili m'katimo.

Ku Biology, kuyesa starch m'tsamba kumakanika pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi tsamba: la mango ndi lolimba, silichoka mtundu msanga, pamene la mbatata kapena la nyemba limafewa bwino, ndipo likhale loti lawombedwa ndi dzuwa maola angapo. Lothyola m'mamawa limapereka mtundu wofooka ana n'kumakayika. Chachiwiri ndi spirit. Mukawiritsa tsamba m'madzi, zimitsani moto kaye, kenako muike chubu cha spirit m'madzi otenthawo. Ethanol wa mu spirit amawira pa madigiri 78, ndiye madzi ongophulidwa kumene amakwana. Ndinaonapo mnzanga akuika chubucho pa moto mwachindunji, lawi linafika kudenga. Tsamba likayera muliviike m'madzi ofunda kuti lifewe, kenako iodine. Mbewu yofuna kuchotsa starch ikhale mumdima maola 48. Ku Physics, chingwe cha mita imodzi ndi mwala zimapereka pendulum yotenga pafupifupi masekondi awiri kupita ndi kubwera. Ana awerenge maulendo 20 pa wotchi ya foni, apeza masekondi pafupifupi 40, agawe. Kuyeza ulendo umodzi wokha kumasokonezedwa ndi kuchedwa kwa chala.

Nditamaliza mu 2023 ndinali ndi ngongole ya fizi ya semesita imodzi, ndipo mapepala sapereka kufikira utamaliza kulipira. Ndinataya miyezi itatu pamenepo, mpaka soya atagulitsidwa. Mukangolandira transcript ndi setifiketi, pangani mafotokope angapo otsimikizidwa ndi chidindo, ndipo mulembetse ku Teachers Council of Malawi. Aphunzitsi a sekondale za boma amalembedwa kudzera ku Teaching Service Commission pakatuluka chilengezo, ndiye digiri siitanthauza kuti mwezi wamawa muli pa ntchito. Podikira ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti popanda kalata ya mgwirizano, ndipo miyezi iwiri yomaliza sanandilipire mpaka lero. Musayambe ntchito ya mtundu umenewu popanda pepala lonena malipiro, tsiku lolandira ndi mapiriyodi anu pa sabata. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene tinagwirizana pakamwa kaja kanasanduka ka sopo.

Pa intavyu anandifunsa za phunziro langa ndi za kaphunzitsidwe, ndipo funso limene ndinaliyankha ndi mtima wonse linali la mmene ndingaphunzitsire pulakitiko pa sukulu yopanda labotale. Ndinayamba ntchito mu 2024. Kasungu ili pansi pa Central East Education Division, imene likulu lake lili pa boma pomwepa ndipo imafikanso ku Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Salima, choncho konzekani kutumizidwa kutali ndi kwanu. Malipiro oyamba amatha kutenga miyezi mapepala akuyenda, ndipo zotsalira zimadzabwera pamodzi. Ine ndinalowa katapila pa nthawi imeneyo, n'kudzabweza pafupifupi kawiri. Zikanakhala bwino ndikanafika ndi thumba la chimanga ndi ndalama ya lendi ya miyezi itatu.

Sukulu imene ndili pano nayonso ili ndi kabati mu ofesi ya a hedi. Sabata yoyamba ndinapempha kiyi n'kulemba zonse zili m'menemo: ma burette atatu, imodzi yodontha, ma pipette asanu, sikelo yosowa mabatire, ndi mabotolo anayi amene mapepala ake anafufutika. Botolo lopanda dzina musalinunkhize, musalitaye m'chimbudzi ndipo musalisakanize ndi lina. Liikeni padera, mulembepo kuti silikudziwika, mudziwitse a hedi kuti afunse ku division. Burette yodonthayo inangofuna kutsuka kampopi ndi kupakapo Vaseline pang'ono. Fomu 3 ya chaka chino ili ndi ana 88, ndiye ndinawagawa kuti azibwera asanu ndi anayi Lachitatu lililonse tikaweruka, atatu pa burette imodzi. Pofika sabata yakhumi aliyense amakhala atatsegulapo kampopi ndi dzanja lake n'kuwerenga yekha, ndipo teremu yachiwiri timayambiranso gulu loyamba.